Kugona pa Nangula

Madzi akakwera kufika pa thabwa lachitatu ankayamba kundinyambita chidendene. Pamenepo ndinkadziwa, ngakhale osayang'ana pa foni, kuti nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku. Ndinkadzuka bulangeti lili kumutu, kupapasa mumdima mpaka nditapeza chigubu chodula pakati, n'kuyamba kukapa. Usiku wabata zinkakwana zigubu 60. Usiku wa mphepo ndikafika 200 ndinkasiya kuwerenga. Amalume ankagona kumutu kwa boti ndipo sankadzuka, koma ndikangoti ndipumireko, mawu ankatuluka m'bulangeti mwawo: "Sanathe amenewo, mphwanga. Ndikuwamva."

Ndinakhala m'boti limenelo milungu 11, kuyambira kumayambiriro kwa Juni mpaka chakumapeto kwa Ogasiti chaka chatha. M'milungu yonseyo tinatuluka kukapha nsomba maulendo 7 okha. Masiku ena onse tinali pa nangula, kuseri kwa mchenga wa Sungu ku Nkhotakota, kudikira kuti mwera uleke.

Sindinapiteko mwa kufuna kwanga. Ndinali nditatha zaka ziwiri ku Area 25 ku Lilongwe, m'nyumba ya msuweni wanga, dipuloma ili mu envulopu, ndikutumiza makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa n'komwe. Tsiku lina mayi anaimba foni. "Mnyamata amene amagona m'boti la amalume ako wathawira ku Joni. M'malo momangotha masilipasi m'tauni, bwera udzawathandize." Ndinafuna kuwakumbutsa kuti ine ndinaphunzira za akaunti, osati za maukonde, koma ndalama ya basi anali atatumiza kale. Ndine mwana wa ku Nkhotakota, inde, koma wa kumsewu. Kusambira ndimatha, usipa wabwino ndimauzindikira ndi diso, koma m'boti ndinali ndisanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe.

Inu a kumtunda, amene nyanja mumaidziwira pa zithunzi za pa Khrisimasi, imani kaye ndikuuzeni za mwera. Ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, imene imawomba nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kulowa mu Seputembala. Ku Lilongwe mumangoimva ngati kamphepo kokukumbutsani juzi. Kunyanja ndi nkhani ina. Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo inagona motsata njira ya mphepoyi, mutu kumpoto, miyendo kummwera. Ndiye mwera ukanyamuka ku Mangochi supeza phiri kapena mtengo woutchinga. Umangokankha madzi, funde kubereka funde, ndipo pofika kwathu mafunde amakhala atatalika kuposa munthu woimirira. Komanso suwomba tsiku lililonse. Umatha kukalipa masiku anayi kapena asanu, kenako n'kugona tsiku limodzi ngati si womwe uja. Amene nyanja imawadya, ambiri imawanyenga ndi tsiku limodzi limeneli.

Chimene chimatipulumutsa ife a pa Nkhotakota ndi mchenga wa Sungu, umene unatambasuka m'nyanja ngati mkono wopinda. Kunja kwake mafunde amaswa thovu, koma mkati mwake madzi amangogwedera. M'menemo ndi mmene maboti akuluakulu amabisala.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangolikokera botilo pamchenga n'kumakagona kunyumba ngati anthu. Nanenso ndinafunsa. Mabwato ndi maboti ang'onoang'ono amakokedwadi. Koma la amalume ndi la matabwa a mlombwa, lotalika mapazi oposa 30, ndipo kuti lichoke m'madzi pamafunika amuna 20, aliyense ndi kangachepe kake. Komanso thabwa likakhala padzuwa milungu ingapo limauma n'kukhwinyata, mipata imatseguka, ndiye tsiku lolibwezera m'madzi limadontha ngati sefa. Boti la matabwa limafuna kukhala m'madzi, ndipo likakhala m'madzi limafuna munthu: wokapa, woyang'ana nangula, wolondera injini ndi chilimira, ukonde waukulu wophera usipa ndi utaka. Munthu ameneyo ndinali ine.

Nyumba yathu inali motere. Kumutu kwa boti kunali kakhumbi ka matabwa, chipinda cha amalume. Pakati panali mulu wa chilimira, wofunditsidwa tenti yakale, ndipo matiresi anga anali amenewo. Amanunkha nsomba, koma ndi ofunda. Kumbuyo kunali injini ya Yamaha, yomangidwa ndi tcheni ndi loko, pamodzi ndi zigubu za petulo. Mbaula inkakhala m'beseni lodzaza mchenga, kutali ndi petulo mmene boti lingalolere. Lamulo loyamba limene ndinapatsidwa linali la moto. Lachiwiri linali la chimbudzi. Chibwerereni kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu ambiri m'dziko muno, madera a m'mbali mwa nyanja osasiyako, amalume salola munthu kudzithandiza m'madzi amene tikumwa. Kaya ndi usiku, kaya kukuzizira bwanji, umatenga nkhafi, kulowa m'kabwato, kupalasa kukafika kumtunda. Madzi akumwa tinkathira kolorini. Ndinaphunzira kusamwa tiyi wambiri madzulo.

Kunkacha ndi mawu a mwazini ochokera ku mizikiti ya ku Linga, oyenda pamwamba pa madzi ngati ali pafupi pomwepa. Amalume ndi Msilamu. Mayi anga anakwatiwa ku Anglican, ndiye ine ndinakulira kutchalitchi, koma m'boti zimenezo sizinavutepo. Boti la pa nangula limaloza mutu kumene mphepo ikuchokera, ndiye nthawi ya mwera kumbuyo kwake kumayang'ana chakumpoto. Amalume ankayala kampasa kawo, kutembenukira kumbuyoko, n'kuswali. "Mwera ubwino wake ndi umodzi," anatero tsiku lina akupinda mkeka. "Umandilozera ku Maka."

Akamaliza, ntchito yoyamba inali kugwira chingwe cha nangula. Ankachigwira ndi dzanja, maso ali chitsinzinire, ngati namwino womva mtima wa wodwala. Chingwe chikamangokoka n'kumasuka, kukoka n'kumasuka, ndiye kuti nangula wagwira. Chikamanjenjemera m'manja, ndiye kuti akukhwekhwereza pansi. Kenako ankandionetsa zizindikiro zawo kumtunda: mtengo wa mango uja uzikhala pamzere umodzi ndi denga lamalata lija. Zikasiyana, tasuntha. Pamene chingwe chimakhuzana ndi thabwa tinkakulungapo chidutswa cha tayala, ndipo tsiku lililonse tinkachisuntha pang'ono kuti chisadyeke malo amodzi.

Dzuwa likakwera inali nthawi yosoka. Chilimira sichitha kusokedwa, aise. Ukamaliza mbali ino, mbali ija yang'ambika. Tinkamatanso ming'alu ndi thonje ndi phula, kupukuta mapulagi a injini, kuiliza mphindi zochepa kuti isaiwale ntchito, kuyanika mabulangeti. Ndinkaganiza kuti kudikira ndi kukhala chabe. Manja anga anachita matuza sabata yoyamba, boti lisanasunthe ndi phazi limodzi lomwe.

Zakudya ndiye musaseke. Tinali pamwamba pa nyanja yodzaza nsomba, koma masiku ambiri ndiwo zinali soya pisi. Nsima ya kondowole, soya pisi, mwina chigwada chimene azakhali, akazi awo a amalume, ankatitumizira ndi mwana. Mmawa tiyi ndi chinangwa chophika. Lachisanu lokha, amalume akabwera ku mzikiti, ndi pamene pankapezeka mpunga wa kilombero. Nthawi zina ndinkaponya mbedza pambali pa boti n'kukola timbaba tiwiri titatu, ndipo tinkatidya mwaulemu ngati chambo cha paukwati. Kuphika nsima m'boti logwedera ndi luso lakelake: phazi limodzi kuponda beseni, bondo kutchinga mphepo, dzanja lamanzere kugwira poto, lamanja mthiko. Poto woyamba ndinaukhuthulira m'chilimira.

Sitinali tokha. Kuseri kwa Sungu kunali ngati mudzi woyandama. Pafupi nafe panali boti la Atonga a ku Chintheche, amene mwera unawapeza kuno akutsata usipa, ndipo kwawo kunali kutali. Chapatali pang'ono panali lina lonyamula katundu, lodikira kuwolokera ku Likoma ndi matumba a ufa. Tinkabwerekana mchere, singano zosokera ukonde, machesi. Madzulo akuluakulu ankasonkhana m'boti limodzi kusewera bawo, wailesi ili pa Nkhotakota Community Radio, ndipo ikafika nthawi ya zanyengo aliyense ankakhala chete, dzanja lili m'mwamba ndi njere zake. A zanyengo akachenjeza za mwera, mmodzi ankati, "Amenewa akunena zimene mafupa anga ananena dzulo." Masewera n'kupitirira.

Ine ndinali wotchuka chifukwa cha sola. Tinali ndi kasola kochajira batire la nyali zokopera usipa, ndipo poti nyalizo sizinkagwira ntchito, batire linasanduka la mafoni. Pamadzi netiweki imagwira bwino kuposa m'nyumba ya mayi. Mmawa uliwonse ndinkatsegula imelo kuona ngati pali amene wandiyankha. Panalibe. Kenako ndinkaona masitetasi a anzanga a ku koleji, wina ali mu ofesi ndi tayi, wina pa ukwati, ine ndili ndi mamba a nsomba m'tsitsi. Ndinajambulapo dzuwa likutuluka kutsidya, kumapiri a ku Mozambique, n'kuika pa WhatsApp. Anthu anayankha kuti, "Ukunjoyatu man!" Sindinawauze za zigubu 200.

Tsiku lina bandulo itandilola, ndinapeza pa YouTube azungu okhala m'maboti a matanga. Kumeneko ku Caribbean nyengo ya anamondwe imayamba mu Juni mpaka Novembala, ndipo ambiri amathawira kuzilumba za kummwera monga Grenada, kuponya nangula, n'kudikira miyezi. Ndinawaonetsa amalume. M'botimo munali firiji, bedi, ngakhale shawa. Iwo zonsezo sanaziyang'ane. Anandiuza kuti ndibweze pamene mzungu ankatsitsa nangula. "Tcheni chimenecho n'chabwino," anatero. Anaonanso kachiwiri. "Nanga madzi amawakapira ndani?" Nditawauza kuti pali pampu yodziyendera yokha, anapukusa mutu. "Ndiye sadziwa boti lawo mmene lagonera."

Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo wolipira sanali ine. Injini ija inakonzedwa ndi ngongole imene azakhali anatenga ku banki m'khonde, ndipo gulu silifunsa kuti mphepo ikuwomba kuchokera kuti. Milungu iwiri iliyonse ndalama iziperekedwa basi. Alovi, anyamata okoka ukonde, salandira malipiro a pamwezi. Amagawana zimene zaphedwa, ndiye boti likagona, miphika ya mabanja 9 imagonanso. Kuwonjezera apo, usipa umaphedwa usiku ndi nyali. Siginala amatsogola yekha m'kabwato, nyali zili ngwee, usipa umasonkhana pansi pake, kenako anzake amazinga ndi chilimira. Mwezi ukamawala kumwamba, usipa sulabadira nyali. Ndiye kuti tituluke pankafunika zinthu zitatu zigwirizane: mphepo igone, mwezi ude, petulo apezeke. Zinthu zitatu zimenezi sizikondana.

Chakumapeto kwa Julayi zinagwirizana. Mwezi unali mumdima. Mwera umene unawomba masiku asanu unaleka cha m'ma 3 koloko masana, nyanja n'kukhala ngati galasi. Pagombe panali amayi a geni ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu, atagona pamenepo masiku angapo, ndalama zili m'zitenje, matandala oyanikapo nsomba ali mbee. Mtengo wa usipa unali utakwera kawiri. Alovi anabwera okha osaitanidwa, siginala wathu patsogolo, bambo wa ana anayi amene wagwira ntchito ndi amalume zaka zambiri.

Amalume anaimirira kumutu kwa boti nthawi yaitali, akuyang'ana kummwera. Kunali kamzere ka mitambo kopyapyala, kotuwa. Anaviika dzanja m'madzi. Anayang'ana mmene boti linkakwerera ndi kutsika pang'onopang'ono ngakhale kunalibe mphepo.

"Nyanja ikupuma mozama," anatero. "Sinagone. Lero ayi."

"Bwana, ana kunyumba agona ndi phala masiku atatu," anatero asiginala, mawu ali pansi.

"Ndikudziwa, achimwene. Lero ayi."

Apa ndi pamene ine, wa dipuloma, ndinatsegula pakamwa. Ndinali nditawerengera kale pa foni: zigoba zingati, mtengo wake, kuchotsa petulo, kuchotsa gawo la alovi. Usiku umodzi umenewo ukanalipira ngongole ya mwezi wathunthu. Ndinawaonetsa manambala. Sanayang'ane. Ndiye ndinanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi, ndipo ndinawanena pamaso pa antchito awo: "Amalume, mantha anuwa atipha ndi njala."

Kunangoti zii. Alovi anayang'ana kumbali. Amalume sanakweze mawu. "Mayi ako anandipatsa iwe wamoyo," anatero. "Ndikakubweza wamoyo. Zinazo tikambirana." Anakhala pansi n'kutola singano yawo.

Asiginala ndi alovi anayi anapita kukakwera boti la munthu wina, amene anali ndi ukonde koma anthu ochepa. Tinawaona akutuluka dzuwa litalowa, nyali zikuchepa mpaka kusanduka nyenyezi za pamadzi.

Mukudikira kuti ndinene kuti mphepo inabwera usiku umenewo. Sinabwere. Kunacha bata, ndipo anabwerera boti litalemera mpaka madzi kufika m'milomo. Pagombe panali chikondwerero, amayi akukanganirana zigoba, ana akutola wogwa pansi. Mwera unadzayamba masana. Amalume anaphonya ndi maola 12, ndipo maola amenewo anadya mbuzi ziwiri za azakhali, zimene ankasungira fizi ya mwana wawo wa Fomu 3. Zinagulitsidwa Loweruka kuti gulu lilandire ndalama zake.

Masiku awiri sindinawalankhule. Yesani kunyanyalira munthu m'nyumba ya mapazi 30, mukudya mbale imodzi. Tsiku lachitatu ndinapalasa kupita kumtunda osatsanzika. Pansi pankagwedera ngati ndaledzera, poti miyendo inali itazolowera boti. Ndinayenda mpaka pa mkuyu uja umene amati David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, ndipo ndinakhala pamenepo. Tili ana tinkabwera ndi aphunzitsi, kulemba manotsi, kubwerera. Tsiku limenelo ndi pamene ndinaganiza koyamba kuti doko lomwe ndimagonali ndi lomwe zombo za matanga za a Jumbe zinkadikirira mphepo, ndi kuti m'mphepete mwake munkakhala anthu ogwidwa ukapolo, odikira kuwolotsedwa kupita kutsidya. Kwa iwo tsiku lililonse limene nyanja yakana linali tsiku linanso pa dothi la kwawo. Kuchoka apo ndinadutsa pa mishoni ya All Saints, pamene pagona Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja yomweyi ndi namondwe mu Seputembala 1895. Ndinakumbukiranso sitima ya Vipya imene agogo ankaitchula motsitsa mawu. Inali yachitsulo, yatsopano, koma inamira kumpoto kwa nyanjayi pa 30 Julayi 1946, n'kupita ndi anthu 145. Julayi, mwezi womwe tinalimowu.

Sindinabwerere nditasintha maganizo, ayi. Ndinkaonabe kuti mbuzi zapita pachabe. Ndinabwerera chifukwa kunkada, ndipo ndinadziwa kuti 2 koloko ikakwana, munthu wa zaka zoposa 60 adzagwada yekha m'madzi ozizira ndi chigubu. Nditakwera m'boti ndinapeza andisungira nsima m'mbale yovindikira. Ndinati, "Amalume, ndinalankhula mopusa." Anati, "Idya, yazizira."

Patatha masiku anayi mwera unagonanso, mwezi ukadali waung'ono wolowa msanga. Amalume anayang'ana kummwera, anaviika dzanja, anakananso. Ulendo uno sindinanene kanthu. Boti lija linatuluka, asiginala athu ali momwemo, ndipo maboti ena awiri anatsatira poona zimene zinachitika ulendo woyamba.

Sanandidzutse madzi usiku umenewo. Linandidzutsa phokoso, ngati lole ikubwera patali koma osafika. Kenako tenti inaulukira m'mwamba. Amalume anali kale kumutu, atagwira chingwe. "Akukhwekhwereza! Bwera!" Nditachigwira ndinamva ndekha, chikunjenjemera ngati chamoyo. Kumbuyo kwathu kunali boti la ku Likoma lija, ndipo tinkalilowera chambuyo. Anandiuza kuti ndimasule chingwe chonse chotsala, chifukwa chingwe chikatalika nangula amakoka chogona n'kuluma pansi. Sizinakwane. Tinakankhira m'madzi nangula wachiwiri, chitsulo chakale cha galimoto chimene ndinkachitukwana tsiku lililonse chikandipunthwitsa. Amalume analiza injini kuti ithandize kuloza mutu kumphepo, ine ndili pa chigubu. Mafunde ankalowa pamwamba. Sindinawerenge. Ndinkangomva anthu akukuwa m'maboti ena, Chitonga ndi Chichewa kusakanikirana, matochi akuvinavina. Nangula anadzagwira titatsala mikono iwiri kuti tiwombane.

Ndipo uko kunali kuseri kwa Sungu, kobisika. Pakati pa kukapa ndinayang'ana kunja, kumene madzulo kunali nyali. Kunali mdima wokhawokha.

Mmawa pagombe panadzaza amayi. Panalibe wolira, panalibe wolankhula. Aliyense anali ndi foni m'manja, kuimba, kumva kuti nambala sikupezeka, kuimbanso. Maboti awiri aja analowa cha m'ma 9 koloko, anthu ali otuwa ngati phulusa. Lachitatu silinaoneke. Akazi awo a asiginala anakhala pamchenga, mwana ali kumbuyo, kuyang'ana malo amodzi tsiku lonse. Amalume anapalasa kukakhala nawo chapatali pang'ono, osanena kanthu. Usiku umenewo sitinaphike.

Foni inalira madzulo a tsiku lachiwiri. Anali atakocheza kumpoto, kupitirira Dwangwa. Injini inamwa madzi n'kuzima, chilimira anachidula ndi mpeni kuti chisawakokere pansi, ndipo mphepo inawatenga usiku wonse ndi tsiku lonse. Kabwato ka asiginala kanagubuduzika koyambirira komwe. Anawatola atakumbatira chigubu cha petulo chopanda kanthu. Onse anali amoyo. Pamchenga paja ndi pamene amayi anayamba kulira.

Asiginala anabwera pa matola tsiku lotsatira. Patapita masiku awiri ndinawaona akupalasa kabwato kobwereka kulunjika kwathu. Anakwera, anapereka moni, anakhala pa mulu wa chilimira, maso pansi. Ine ndinkadikira mwambi. Pakamwa pa munthu wamkulu aliyense wa kwathu pakanatuluka kuti mawu a akulu akoma akagonera. Amalume anathira tiyi m'kapu yawo yomwe, anaikamo shuga masupuni atatu, shuga amene ife tinkachita kuyeza, n'kuwapatsa. Atamwa theka, amalume anati, "Achimwene, nyali ziwiri zija mawaya ake adyeka. Mukaziona mukamaliza tiyi."

Ndine wa akaunti, ndiye ndayesapo kuwerengera kuti anapambana ndani. Mwini boti lija anapha ndalama zambiri usiku umodzi, n'kutaya ukonde wa mtengo woposa pamenepo usiku wina. Amalume anasunga ukonde wawo, koma mbuzi zinapita, ndipo mwana wawo anayamba teremu mochedwa ndi milungu iwiri. Usiku woyamba uja akanatuluka, bwenzi mbuzi zilipo. Akanatuluka woyamba, kodi wachiwiri akanakana? Buku lake silitsekeka. Ndinawafunsa tsiku lina kuti amadziwa bwanji. Anati sadziwa. "Pa maulendo khumi amene ndimakana, mwina asanu ndi atatu ndikanapita n'kubwera bwinobwino. Koma sindidziwa kuti awiri enawo ndi ati. Ndipo m'botimu mumakwera ana a eni."

Chapakati pa Ogasiti mphepo inayamba kufooka. Masiku abata anayamba kutsatana awiri, atatu. Tinatuluka maulendo atatu motsatizana, ndipo ndinaona koyamba usipa ukuwira pansi pa nyali za asiginala ngati mpunga m'poto. Ndinakoka nawo chingwe mpaka m'manja kutuluka magazi, ndipo pogawana anandipatsa gawo la mlovi, lathunthu. Sabata yomweyo imelo inalowa, yoyamba m'zaka ziwiri: andiitana ku intavyu ku Lilongwe. Amalume anandiperekeza mpaka pamsewu wa M5, atanyamula kathumba ka usipa wouma koti ndikapatse msuweni wanga. Mnyamata wina wa alovi ndiye anatenga malo anga pa chilimira.

Ntchito ija sanandilembe. Anati andiimbira. Ndili ku Area 25 komwe kuja, ndikuthandiza pa shopu ya munthu kulemba mabuku masiku atatu pa sabata, kwinaku ndikutumizabe makalata. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano ndimadzuka mmawa, kuchapa shati ngakhale kulibe kopita, kuwerenga mabuku a kosi mutu umodzi, kukonza CV, kenako n'kutsegula imelo.

Ndipo 2 koloko ikakwana usiku ndimadzidzimukabe, phazi likufufuza madzi pa simenti youma. Sabata yatha nditadzuka choncho ndinaona kuti foni ya amalume ili pa intaneti, ndiye kuti mnyamata uja anaiwala kuzimitsa data. Ndinaimba. Anayankha iwo eni, kumbuyo kukumveka chigubu chikukhwepa pa thabwa.

"Zafika zingati lero, amalume?"

"Wafika 45 mnzakoyu, koma amakapa mosiyira." Anatsokomola. "Juni akubwera, mphwanga. Ngati sanakuimbire a mataiwo, chigubu chako chilipo."